Kope Lolakwika M'dengu la Atelala

Tsiku lomaliza limene Injiniya anaona mlongo wake ali moyo, anakangana za mwezi.

Inali nthawi ya masana, yoonera odwala. Asisi anali atatsamira mapilo awiri, diripi ili kudzanja lamanzere, kope lakuda la mchimwene wawoyo lili pamaondo. Kudzanja lamanja anagwira pensulo yomwe inali itafupika ngati chala cha mwana. Thupi linali litatha, koma pakamwa panali padakali pomwe paja.

"Mwezi, mwezi, mwezi," anatero akutembenuza masamba. "Ndakatulo zisanu, mwezi watuluka kasanu ndi kawiri. Kodi unachita kuugula mweziwu?"

"Asisi, pumani. Adokotala anati musamadzitopetse."

"Chikunditopetsa ndi mwezi wakowu, osati matenda."

Analemba kanthu m'mphepete mwa tsamba, pang'onopang'ono, dzanja likunjenjemera moti pensulo inkangokhudza pepala n'kuchokapo. Kenako anatseka kope lija n'kumuponyera pachifuwa.

"Pita ukakonze. Ubwere nalo mawa, ndipo ubwere utameta. Anthu akuyesa wodwala ndiwe."

Anesi anayamba kutulutsa anthu. Iye anatuluka atanyansidwa pang'ono, osacheuka n'komwe pakhomo, poti munthu woti ukamuonanso mawa sumutsanzika kawiri. Mawa lakelo, pa 14 Juni, anafika atameta bwinobwino, n'kupeza pabedi paja atayala kale nsalu zina.

*

Kope lija anakhala miyezi itatu osalitsegula. Atalitsegula anapeza dzanja la Asisi m'mphepete monse: mizere yodulidwa, mafunso, apa "bodza ili", apo "apa ndiye walasa". Koma mawu omaliza aja, olembedwa m'chipatala, sankawerengeka. Anayesa pawindo, anayesa ndi tochi ya foni, ankangoona timizere totuwa ngati mapazi a nyerere. Anawasiya. Kudziwa kuti alipo kunamukwanira.

Dzina loti Injiniya linali chitonzo chomwe chinachita kuzolowereka. Anasiya koleji chaka chachiwiri kuti adwazike Asisi, poti makolo awo anali atapita kale, ndipo maliro atatha sanaonenso chobwererera. Uinjiniya wonse unathera pakabenchi pafupi ndi siteji ya basi, kusintha mabatire a mafoni a eni ake.

Kugulu la alakatuli anasiyanso kupita. Gululo linkakumana Loweruka lililonse masana kuchipinda chakumbuyo kwa shopu ya Atelala, pakati pa masuti osatha ndi fungo la nsalu yositidwa kumene. Analiyambitsa ndi Asisi, ndipo anasiya malamulo atatu. Aliyense akulunge kope lake m'chidutswa cha nsalu, aponye m'dengu, atole la mnzake mosadziwa mwini wake, akakhale nalo sabata, ndipo osafunsana. Ndemanga zilembedwe ndi pensulo, koma usanalembe zako uyambe wafufuta zonse za amene anawerenga iwe usanawerenge. "Ndakatulo izifika kwa munthu itasamba," ankatero Asisi, "osati itavala maganizo a eni ake." Ndipo anzako akamakambirana ndakatulo yako, iwe luma batani. Kale ankalumadi batani lalikulu la jasi, mpaka tsiku lina Amayi a Saluni anakana kuti iwo sangaike mkamwa chinthu chochoka mkamwa mwa Kondakitala. Kuyambira pamenepo ankangoligwira m'manja, koma mawuwo anatsala.

Amene anamubweza patatha miyezi khumi ndi umodzi anali Magalasi, mtsikana wa pa shopu ya fotokope, yemwe Injiniya anamukonda chamumtima kuyambira Asisi asanadwale, osamuuzapo ndi liwu limodzi. Anafika pakabenchi paja Lachinayi n'kuika foni patsogolo pake.

"Yafa."

Injiniya anaiyatsa, anaitembenuza, anayesa kuimbira. "Ilibe vuto iyi."

"Ndiye bwanji siilandira mayankho ako?" Anaitenga n'kuiponya m'chikwama. "Loweruka, thuu koloko. Ubwere ndi kope. Ukapanda kubwera ndidzabweretsa gulu lonse pano, Kondakitala adzalakatulire makasitomala ako."

*

Loweruka Injiniya analimbana ndi mtima mpaka nthawi inamuthera. Anasolola kope pashelefu ali chiimire, n'kuthamangira basi. Asisi anali atamugulira makope awiri ofanana, akuda onse, ndipo m'lachiwirimo ndi momwe munali ndakatulo zitatu zatsopano zimene ankafuna kuti anzake aone.

Atelala anamulandira ngati anachoka dzulo. "Wabwera, mwana wanga. Pampando wako tinaunjikapo nsalu za anthu, uchotse wekha." Anamupatsa kachidutswa kamizeremizere. Iye anakulunga kope osalitsegula, n'kuponya m'dengu.

M'gululo munali munthu mmodzi wachilendo. Ankamutchula Tayi, poti ankavala tayi ngakhale Loweruka. Anali mphunzitsi wa kusekondale, yekhayo wagalimoto, ndipo ndakatulo zake zinkafuna munthu akhale ndi dikishonale pambali. Analowa gululo Asisi atamwalira kale. Injiniya sanafunikire sukulu yomwe anasiya ija kuti aone chimene chinamubweretsa: mpando wa Tayi unali utagundana ndi wa Magalasi.

Atabalalika, Injiniya anaima pakhonde, mawu oti amuperekeze Magalasi atawakonza kale. Magalasi anatuluka, anayang'ana kumene kunali galimoto ya Tayi, kenako anathamanga, kuthamanga kwenikweni, dzanja limodzi litagwira magalasi kuti asagwe. Anawerama pawindo, analankhula nthawi yaitali. Tayi anaseka, n'kutsegula chitseko. Magalasi analowa, galimoto inapita.

Injiniya anatulutsa foni zala zikutentha, n'kumulembera Magalasi uthenga.

"Ukanangondiuza kuti wandiitanira kudzaonerera galimoto. Ine ndilibe matayala, ndili ndi mapazi awiri ndi sukulu yosatha. Muyende bwino."

Timizere tiwiri tinasanduka tabuluu, kusonyeza kuti wawerenga. Yankho silinabwere.

*

Lamlungu m'mawa, akupukuta fumbi pashelefu, anatsegula kope lotsalalo kuti angoona dzanja la Asisi, monga ankachitira mtima ukalemera. Anapezamo ndakatulo zake zitatu zatsopano, m'mphepete muli mbee.

Anakhala pansi pomwepo, pasimenti. Kope la Asisi linali m'manja mwa munthu wina, ndipo munthu ameneyo anali ndi labala, ndi lamulo lomuuza kuti afufute.

Anayamba ndi kuimbira Atelala.

"Mwana wanga, lamulo likuti sitifunsana."

"Bambo, ndi kope la Asisi. Lija analembamo ali m'chipatala."

Makina osokera omwe ankamveka chapatali analeka. "Ine ndili ndi la Tayi," anatero Atelala motsitsa. "Ndikuwerenga ndi mankhwala a mutu pambali. Imbira enawo msanga."

Kondakitala anali ndi la Atelala. Amayi a Saluni anali ndi la Magalasi. Injiniya mwini anali ndi la Amayi a Saluni. Anatsala awiri, ndipo mmodzi mwa iwo anali atamunyoza dzulo lake. Anaimbira Tayi.

"Aa, Injiniya wathu. Kope lakuda, lokulungidwa m'kansalu kamizere? Ndinatola ndine, inde."

"Chonde, musafufute kanthu. Ndinaliponya molakwitsa. Zolembedwa m'mphepetezo ndi za malemu mlongo wanga."

"Achimwene, lamulo limenelo sindinabwere nalo ine. Ndimamva kuti analikhazikitsa ndi mlongo wanu yemweyo. Ndipo labala wanga ine sagoneka ntchito."

"Mwafufuta?"

"Tikambirana Loweruka. Panopa ndili ndi alendo."

Lolemba anapita kusukulu kwa Tayi, koma mlonda anamubweza pageti: aphunzitsi ali m'kalasi, ndipo akuti za ndakatulo ndi Loweruka. Analembera Magalasi kuti, "Kope la Asisi lapita," anayang'ana uthenga wake wachipongwe uja uli pamwamba, n'kufufuta zomwe analembazo asanatumize. Munthu sutukwana pakhomo pa mnzako madzulo, m'mawa n'kudzapemphapo moto.

Sabata imeneyo anayesa kulemba papepala zonse zomwe Asisi analemba, mmene ankazikumbukira. Anakumbukira ndemanga zisanu ndi zinayi. Koma mmene Asisi ankapindira mchira wa chilembo, mmene ankadulira mzere kawiri akakwiya, zimenezo dzanja lake linakana. Ndipo pamene anatenga labala kuti asambitse kope la Amayi a Saluni monga mwa lamulo, anayang'ana nyenyeswa zakudazo zikugwera patebulo, anaganiza kuti kwinakwake mlongo wake wasesedwa chonchi n'kutayidwa m'bini. Anamuika m'manda kamodzi, atavala suti yobwereka, anthu akumugwira paphewa. Ulendo uno anali yekha.

*

Loweruka anafika woyamba. Anakhala pampando wake manja ali pakati pa maondo, ngati wodikira kuitanidwa kwa dokotala. Magalasi analowa womaliza atanyamula envulopu yaikulu, ndipo sanamuyang'ane.

"Tiyambe ndi aphunzitsi," anatero Atelala. "Mwatibweretsera la yani?"

Tayi anakonza tayi yake, n'kumasula kansalu. Munatuluka kope lobiriwira, lopindika m'makona ngati lakhala m'thumba lakumbuyo chaka chonse.

"Langa ilo," anatero Kondakitala. "Mwana wanga wabwerako kusukulu."

Injiniya anayang'ana kope lobiriwiralo, anayang'ana Tayi. Tayi ankayang'ana kudenga.

"Luma batani," anatero Amayi a Saluni akumuponyera Kondakitala batani lija.

Tayi anawerenga ndi mawu a pamsonkhano wa makolo:

"Bambo a pa siteji yachitatu amagona paphewa langa,
m'mawa uliwonse, chipewa chili pamphuno.
Ndimawadzutsa tikafika, amati zikomo mwana wanga.
Dzina langa salidziwa, koma phewa amalidziwa."

Anatseka kope. "Ndime zinayi, zonse zotere. Nkhani ilipo, koma kuya kulibe. Chiphiphiritso chili kuti? Ndalembamo mawu ena oti alowe m'malo mwa phewa. Mwachitsanzo, mzati wa chiyembekezo."

"Mzati wa chiyani?" anatero Amayi a Saluni. "Aphunzitsi, munagonerapo mzati inu? Munthu amagona paphewa. Musiyireni phewa lake, ndi lokhalo ali nalo."

Kondakitala anakweza batani m'mwamba ngati chikho.

"Ine vuto langa lili kumapeto," anatero Atelala. "Ndime yomaliza ija akuti tonse ndife apaulendo, dziko ndi basi. Zimenezo tazimva kale kumaliro kulikonse. Chovala chikakwana, sumasokereranso nsalu kumunsi. Dula pamenepo, ithere pa phewa."

"Koma asataye mzere wa tsiku lomwe bambowo sanabwere," anatero Magalasi. "Uli m'ndime yomweyo. Aukweze m'mwamba. Phewa linapepuka, ine ndinalemedwa. Umenewo ndi mzere."

"Waudziwa bwanji iwe, poti kope linali kwa aphunzitsi?" anafunsa Amayi a Saluni.

"Ndinaliwerenga pang'ono ndisanawapatse."

Kondakitala anaika batani patebulo n'kupuma ngati wavuuka m'madzi. "Ndime yomalizayo ndinailemba kuti nanenso ndioneke wophunzira. Ndaidula. Koma mzati, aphunzitsi, pitani nawo mukamangire khonde."

Onse anaseka. Injiniya yekha sanaseke. Mawu oti "ndisanawapatse" anali akuzungulira m'mutu mwake.

"Magalasi," anatero Atelala. "Iwe watibweretsera la yani?"

Mtsikanayo anatsegula envulopu. Anatulutsa mapepala a fotokope, n'kugawira aliyense limodzi. Kenako anatulutsa kope lakuda, lili m'kapepala kapulasitiki, n'kuliika pamaondo pa Injiniya.

Atatsegula, "bodza ili" analipo. "Apa ndiye walasa" analipo. Mzere wodulidwa kawiri unalipo. Anathamangira kutsamba lomaliza: mapazi a nyerere aja analipo, otuwa, osakhudzidwa. Mpweya womwe anausunga kuyambira Lamlungu unatuluka wonse nthawi imodzi, ndi kaphokoso kochititsa manyazi. Amayi a Saluni anamusisita pamsana ngati mwana wotsamwa.

"Ndinaona aphunzitsi akulimasula m'galimoto," anatero Magalasi, akuuza Atelala, osati iye. "Ndinazindikira dzanja la Asisi ndili pakhonde. Labala anali atatuluka kale m'thumba. Ndiye tinasinthana."

"Ndipo pamenepo lamulo laswedwa kawiri," anatero Tayi. "Kusinthana ndavomera, ndinachita nawo chifukwa cha ulemu. Koma kope labwera losasamba. Ngati malamulo ali oti ena azitsata, ena ayi, tiuzeni."

Atelala anachotsa tepi m'khosi n'kuyamba kuipinda modekha. "Lamulo likuti ufufute usanalembe m'kope. Mwalembamo, mayi?"

"Ayi. Ndemanga zanga zili pafotokope."

"Ndiye mlandu palibe. Koma inu aphunzitsi, mnyamatayu anakuimbirani Lamlungu akulira ndi mtima. Kope munalibe. Chinakuvutani n'chiyani kumuuza?"

"Lamulo likuti sitifunsana."

"Eya," anatero Kondakitala. "Malamulo mumawadziwa ngati munawabereka."

Atelala anatola batani n'kuliika m'dzanja la Injiniya, n'kumupinda zala. "Luma, mwana wanga. Wakhala nthawi yaitali osatukwanidwa."

Magalasi anawerenga. Inali ndakatulo ya patsamba lomaliza, yomwe Asisi anali nayo pamaondo tsiku lija, ndipo m'mphepete mwa fotokopeyo munali moyera.

"Ndiwe mwezi wanga mumdima wandiweyani,
mwezi wosalowa, mwezi wa mtima wanga.
Umapukuta dziko ndi nsonga ya bulauzi usanaliyang'ane,
ndipo ine ndimaima patali ngati nyenyezi yamanyazi."

"Aise," anayamba Kondakitala, "ine ndimanyamula anthu mazanamazana, koma mkazi uyu sindingamuzindikire atakwera. Mwezi amakwera pa siteji iti? Akhala mpando uti? Ndipatse munthu."

"Mwezi ndi chiphiphiritso chovomerezeka kuyambira kalekale," anatero Tayi. "Ine mizere iwiri yoyambayo ndiye ndaikonda. Wachitatuwo ndi umene ukusokoneza. Munthu angapukute bwanji dziko ndi bulauzi? Uchoke."

"Aphunzitsi, inu mukanakhala telala bwenzi mukutaya suti n'kusunga pepala lokulungira," anatero Atelala. "Mzere wachitatuwo ndi wokhawo wamoyo. Enawo anabwereka. Uwu anauona ndi maso ake. Sindikuumvetsa bwino, koma ndikuukhulupirira."

"Ine ndalemba kuti achotse mwezi wonsewo," anatero Magalasi, maso ali papepala. "Ndi nyenyezi yamanyaziyo. Manyazi si luso. Ngati ali ndi mawu anene, munthu sangakhalire kulota zomwe wina akuganiza."

Atatero anavula magalasi ake, poti m'chipindamo munali kutentha ndipo anali atachita nthunzi, n'kuwapukuta ndi nsonga ya bulauzi.

Amayi a Saluni anayang'ana bulauziyo. Anayang'ana pepala. Anayang'ana Injiniya, amene anali atafinya batani mpaka linadinda m'dzanja.

"Oho," anatero. "Bambo telala, mzere uja ine ndaumvetsa tsopano."

Kondakitala anagwa pampando ndi kuseka. "Ndiye amakwera pa siteji ya fotokope."

Magalasi anaima dzanja lili pabulauzi, kenako anavala magalasi aja mofulumira, opendekeka. Tayi anayang'ana wotchi yake. Atelala anadikira phokoso lithe, akumwetulira chamumtima, kenako anagogoda patebulo ndi sizasi.

"Bweza batani. Uli ndi mawu?"

Injiniya anabweza batani. "Mwezi ndichotsa," anatero. "Asisi ananena kale zimenezo. Ndinangochedwa kumva."

"Ukachotse msanga. Pa 14 Juni ndi Loweruka, chaka chikukwana chichokere mlongo wako. Tsiku limenelo dengu lipuma. Aliyense adzawerenga yake ataimirira, tidzatsegula chitseko cha kutsogolo, odutsa amve. Iwe udzatseka ndi imeneyi, itakonzedwa." Anayang'ana Magalasi pamwamba pa mphuno. "Ndipo mwini bulauzi adzakhale kutsogolo."

*

Ulendo uno galimoto ya Tayi inapita ndi mwini wake yekha. Injiniya ndi Magalasi anayenda wapansi, dzuwa litapendeka, kope lili m'thumba lamkati la jekete pomwe Injiniya ankaligwiragwira ngati dzino lomwe lasiya kuwawa.

"Uthenga uja," anayamba.

"Uti? Wa matayala?"

"Ndinalakwa."

"Unalakwa. Ine ndikuthamanga ngati wamisala kupulumutsa mlongo wako, iwe uli pakhonde kuwerenga matayala." Anamugunda ndi chigongono. "Ndimaganiza kuti unaliponya dala, kuti mwina watopa kulisunga. Sindinadziwe kuti ukuvutika mpaka Amayi a Saluni atandiuza lero pakhomo. Ukanandiuza chomwe chikukupweteka m'malo mondinyoza, bwenzi utagona tulo kuyambira Lamlungu."

"Ndinalemba, kenako ndinafufuta."

"Banja lanu ndi labala."

Injiniya anaseka, kuseka kwenikweni, komwe anali ataiwala kuti kumachokera pati. Magalasi anaima pansi pa mtengo wa m'mbali mwa msewu, n'kutulutsa pepala lina m'envulopu muja.

"Ili sindinagawire anthu. Pa enawo ndinaphimba m'mphepete. Makina athu ali ndi batani lowonjezera kuda, la malisiti ofufutika ndi masatifiketi akale. Ndinalikweza mpaka kumapeto."

Pepalalo linali lotuwa lonse ngati kumwamba kwa mvula, koma m'mphepete, pomwe panali mapazi a nyerere, panali mawu. Okhotakhota, onjenjemera, koma mchira wa chilembo unali wopindika mwa Asisi.

"Mwezi suvala magalasi. Chotsa mwezi, usiye mtsikanayo. Ukamuwerengere wekha, ine ndatopa kukulankhulira."

Injiniya anawerenga katatu. Kachitatuko zilembo zinasambira. Chaka chonse ankaganiza kuti pamenepo pali mawu otsanzika, kapena omuuza kuti abwerere kusukulu, kapena omudandaula kuti anachoka osacheuka. Koma Asisi, diripi ili padzanja, maola awo akutha, anali kumufunira mkazi, uku akumunyoza.

"Wawerenga iwe?" anafunsa mopusa.

"Ndine ndinadina batani." Magalasi anamupatsa kansalu kamizeremizere kaja kuti apukute m'maso. "Ndakhala nalo kuyambira Lolemba. Ndimati ndikukwiyire bwinobwino, koma likundisokoneza."

"Ndiye ukuti bwanji?"

"Sindinamve kanthu ine. Asisi akuti undiwerengere wekha. Ndidikira, itakonzedwa."

Injiniya anamugwira dzanja, ndipo iye sanalichotse. Anayenda choncho kudutsa magolosale, kudutsa pomwe amakonzera njinga, Injiniya akumva thupi lonse kupepuka ngati munthu watula thumba lomwe anaiwala kuti wasenza.

*

Pakona pomwe pamaonekera geti ya kwawo, Magalasi anamasula dzanja.

"Uthere pano. Bambo amakhala pakhonde nthawi ino."

"Ndingowapatsa moni."

"Ayi, osati lero." Anayang'ana pansi. "Sunandifunse kuti kope lija ndinaliwombola ndi chiyani."

Kupepuka kuja kunathera pomwepo.

"Tayi anati andipatsa ngati ndilola kuti andifikitse kunyumba, alowe, awaone bambo. Ndinati ndi zazing'ono, moni sapha munthu. Anakhala maola awiri. Bambo anatulutsa makapu a alendo." Anatsegulanso envulopu, koma sanatulutse kanthu msanga. "Pali zomwe sindinakuuze. Ndinalembera malo kukoleji ya zosindikiza, kumzinda waukulu. Kalata inabwera mu Malichi, ananditenga. Ndinawauza bambo kuti sizitheka, kulibe kokhala, ndipo nkhani inagona. Ndiye bambo anaitulutsa pamaso pa mlendo. Tayi akuti mlongo wake ali ndi chipinda chongokhala, pafupi ndi kolejiyo. Akutinso naye amusamutsira kusukulu ya kumeneko temu ikubwerayi."

"Zangochitika mwangozi."

"Usayambe." Anapuma. "Ndinayesa kukana. Bambo anati akudziwa chikundigwira mwendo. Akuti pali mnyamata wina pa siteji, anathawa sukulu, tsopano akufuna wothawa naye."

Injiniya anaseka pang'ono, kuseka kowawa. Akanatha kunena kuti sanathawe, kuti anachoka kukatembenuza mlongo wake pabedi ndi kumumwetsa madzi ndi supuni. Koma ankadziwanso mmene zimakhalira kudutsa pageti ya koleji uli m'basi n'kuyang'ana kumbali. Mwa anthu onse a padziko, iye ndiye sakanatha kumuuza kuti usapite. Mawuwo anafika pamilomo, iye anawaluma ngati batani.

"Ukufuna kupita?"

"Sukuluyo ndikuifuna. Chipindacho ayi. Koma bambo agula kale tikiti, akuti andiperekeza okha, basi ya m'mawa."

"Si kanthu," anatero, akudzilimbitsa. "Mwezi ndichotsa sabata ino. Udzamva kaye ndakatulo yako, uli kutsogolo monga anenera Atelala, kenako tidzaona zinazo. Ukunyamuka liti?"

Mtsikanayo anavula magalasi, anayamba kuwapukuta, analeka. Kenako anasolola tikitiyo m'envulopu n'kumupatsa, chala chili pamzere wa tsiku.

Loweruka, 14 Juni.